Mano a Malume Aizik

Ndalama za ukwati wa Wanir zinali mu akaunti yanga. Zonse zinayambira pamenepo.

Wanir ndi mng'ono wanga. Iye anakulira kwathu ku chilumba cha Lifou. Amalima zilazi, amadziwa munthu aliyense ndi agogo ake omwe. Ine ndinakulira kuno ku mzinda wa Nouméa, m'nyumba zosanjikizana za ku Rivière-Salée. Sindikhalitsa pamodzi. Ndagwirapo ntchito pa sitima yapamadzi, kumgodi wa kumpoto, kuhotela ku Suva. Amayi amati mpando umandiluma. Koma khadi la kubanki ndinali nalo ndine. Ndiye abale atasonkha anati, zikhale kwa Iosia.

Anasonkha nthawi yaitali. Amayi anagulitsa mapapaya ndi nkhanu pamsika wa ku Wé, tauni ya ku Lifou, mpaka msana unapindika. Akuchikazi ndi a ku chilumba china cha Maré, ndipo tinali titawadikiritsa kale nyengo imodzi. Bambo a mtsikanayo sanabise mawu. Zilazi zikakumbidwa chaka chino osaona kanthu, mwana wawo abwerera kwawo.

Ukwati wakwathu umadya nsalu. Ku Port Vila, m'dziko loyandikana nalo, n'zotchipa. Ndinati ndipita ndine. Malume Aizik, mlongo wawo wa amayi, anati sindipita ndekha.

“Iwe ungasiyanitse nsalu ndi chiguduli? Ukatigulira makatani a kuhotela.”

Malume sayankhidwa. Ndi amene anandiuzira mpweya m'khutu, mwa mwambo wathu, tsiku lomwe ndinabadwa, ndipo mpweya ndikupumawu ndi wawo. Pa ukwati wa Wanir wolankhula m'malo mwathu anali iwowo. Popanda mawu awo, nsalu ndi ndalama zikanangokhala mulu wa katundu.

Zinachitika masana, m'sitolo ya nsalu ku Vila komweko. Malume ankakangana mtengo ndi mwini sitolo. Kenaka anangokhala chete. Ndinacheuka. Thukuta linali chuchuchu pankhope pawo. Anagwira pamimba, nagwa pakati pa mipukutu ya nsalu ngati thumba la simenti.

Zomwe zinatsatira ndinalumbira kuti sindidzauza munthu.

Takisi inaima. Tinawanyamula atatu. Woyendetsa anafunsa kopita, ine ndinangoti kuchipatala, chapafupi, thamangani. M'njira malume anagwira dzanja langa n'kuliika pakamwa. Analuma. Sindinamve kuwawa. Ndinkangoona maso awo akutembenuka. Mumtima ndinkati, afera m'manja mwanga, kudziko la eni, ndikawauza chiyani amayi?

Chapafupicho chinali chipatala cholipira. Makoma oyera, mpweya wozizira, maluwa pakhomo. Dokotala anawagwira pamimba kamodzi kokha, malume anakuwa. Anati kathumbo kaja amati apendikisi kaphulikira m'kati. Opaleshoni ndi pompano. Mawa kulibe.

Mayi wa padesiki anandikankhira kamakina ka khadi. Anatchula ndalama. Ndinamupempha abwereze. Anabwereza.

Zanga zinali zokwana tikiti ndi chakudya basi. Ndinaika khadi. Ndinalakwitsa nambala kawiri. Kachitatu kamakina kanalira, n'kulavula kapepala. Ng'ombe ya Wanir, mpunga, shuga, ndalama zoika pansalu pamaso pa akuchikazi. Zonse zinalowa m'kapepala kotalika ngati chala.

Malume anachira. Atangotha kulankhula, funso loyamba linali lomwe ndinkaliopa.

“Walipira ndani?”

Ndinawauza. Anatseka maso.

“Ukauza amako,” anatero, “ine ku Lifou sindidzapondakonso. Malume wodya ukwati wa mwana wa mlongo wake. Akandiimba nyimbo mpaka ku Maré.”

“Mukanafa, malume.”

“Ndikanafa anthu akanasonkha mosangalala. Maliro sachititsa manyazi.”

Tinabwerera ku Nouméa ndi nsalu zochepa ndi envelopu ya mapepala.

Malume anagwira ntchito padoko moyo wawo wonse, ndipo mwezi uliwonse ankawadula ndalama ya thumba la zaumoyo la boma. Ndinapita ku ofesi ya thumbalo m'mawa wake. Ndinatenga nambala, ndinakhala pabenchi, ndinaimirira, ndinakhalanso. Mlembi anali wachifundo. Anati amabweza ndithu, ngakhale munthu athandizidwe kuchipatala cholipira kunja. Koma pali chinthu chimodzi. Matendawo akhale ogwa mwadzidzidzi, osati munthu kunyamuka kuno akudziwa kuti akudwala. Komanso akhale oti sakanatha kudikira kubwerera kwawo.

“Ndi momwemo,” ndinatero. “Anagwa m'sitolo.”

Anayang'ana mapepala. Risiti inali ndi chidindo, imeneyo anavomera. Koma lipoti la dokotala wa ku Vila linali lalifupi, la m'Chingerezi, mizere yochepa yolembedwa mothamanga. Linanena zomwe anachita. Silinanene mmene munthuyo anafikira.

“Ndalama zake n'zambiri,” anatero mlembiyo. “Dokotala wathu afuna kuonana ndi wodwalayo. Tikuitanani.”

“Liti?”

“Tikuitanani, bambo.”

Ndinaimbira ku Vila. Anati dokotala uja anali wogwirizira chabe, anabwerera kwawo. Ndinaimbanso. Anati atumiza. Sanatumize.

Masabata amenewo sindikuwafunira munthu. Amayi ankaimba foni m'mawa uliwonse.

“Iosia, mwini ng'ombe uja akufunsa.”

“Banki ikuchedwa, amayi.”

“Banki yanji yochedwa ndi ndalama za eni? Kapena wayambanso zako zoyendayenda?”

“Ayi, amayi.”

“Zilazi tayamba kukumba. Wamva? Tayamba.”

Wanir yekha sankafunsa. Ankangotumiza zithunzi. Msasa wa alendo akuumanga. Mulu wa nkhuni. Mtsikana wake akuseka, atanyamula chilazi chachitali ngati mwendo. Ndinasiya kudya bwino. Ndinkayenda. Kuchoka kunyumba mpaka kudoko, kudoko mpaka kumsika, kumsika kubwereranso. Tsiku lina ndinaima pa ofesi ya kampani ya sitima. Ankafuna anthu opita ku Brisbane. Ndinawerenga chikwangwanicho mpaka pansi. Miyendo inkafuna. Ndinaikokera kunyumba.

Kenaka anatiitana.

M'basi ndinayesa kuwakonza malume. Anali atavala shati yoyera ya kutchalitchi, pamiyendo atanyamula kathumba ka pulasitiki.

“Malume, akakufunsani, mukanene mmene zinalili. Zonse.”

“Ukundiphunzitsa kulankhula iwe?”

“Ayi. Kungoti kumeneku amalemba mawu monga momwe mwanenera.”

“Ndalankhula pamaso pa mafumu akuluakulu iwe uli m'matewera. Mwana wa m'tauni, wosadziwa n'kusenda chilazi komwe. Khala chete, uphunzire.”

“M'thumbamo muli chiyani?”

“Ulemu. Sungaudziwe.”

Ndinadziwa.

Dokotala wa thumbalo anali mayi wa ku France, dzina lake Perrochon. Wamng'ono thupi, magalasi pamphumi, khungu lofiira ndi dzuwa lomwe anali asanalizolowere. Anatilozera mipando. Malume sanakhale. Anatulutsa nsalu yopinda bwino, imodzi mwa za ku Vila zija, ndi ndalama yapepala pamwamba. Anaika padesiki ndi manja awiri.

M'maganizo ndinaona ndende. Ndinaona mayiyo akuitana alonda, akunena kuti tabwera kudzamugula.

Koma wina anali atamuphunzitsa mwambo wathu. Anaimirira, anaika dzanja pansaluyo, nawerama pang'ono.

“Zikomo, bambo. Nsalu ndalandira. Ndalamayi malamulo a pano sandilola, musakhumudwe.”

Anaibweza mwaulemu. Malume anagwedeza mutu, okhutira, ndipo tonse tinakhala pansi. Ine ndinapuma. Ndinapuma msanga.

Malume anayamba kulankhula. Mawu ake omwe aja a pamwambo, ongowatembenuzira m'Chifalansa. Maso pansi, manja kutsogolo.

“Mayi, ndadzichepetsa pamaso panu. Ndine munthu wachabe, ndalowa m'nyumba yanu ndi fumbi kumapazi. Muli ndi odwala enieni oti muwaone. Ine ndabwera ndi kanthu kakang'ono, kosayenera n'komwe kukutayitsani nthawi.”

Kwathu aliyense amadziwa kumva mawu otere. Munthu akati kanthu kakang'ono, ndiye kuti wasenza phiri. Amadzitsitsa kuti womulandirayo amukweze. Koma mayi Perrochon anatsitsa magalasi n'kuyamba kulemba pa kompyuta.

“Chabwino, bambo. Mimba inayamba liti kuwawa?”

“Aa, mimba ya nkhalamba, mayi. Imawawa kalekale. Ndani amawerenga?”

Tayi, tayi, tayi. Zala zake pa kompyuta.

“Musananyamuke kuno inkawawa?”

“Mwa apo ndi apo. Sizodandaulitsa.”

Zoona zake n'zakuti malume amadya tsabola ngati ndiwo. Mimba yawo yakale ndi imeneyo. Ndinatsegula pakamwa. Anandiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinatseka.

“Tsiku limenelo, ululu unali wotani? Kuyambira pa chimodzi kufika pa khumi.”

Malume anamwetulira. “Ife a padoko tinazolowera. Tinene kuti ziwiri. Zitatu, pofuna kukusangalatsani.”

“Munkatha kuyenda?”

“Mwamuna amayenda.”

“Ndiye mukanatha kudikira ndege n'kudzathandizidwa kuno?”

“Ndikanatha bwinobwino. Kungoti mwanayu ndi wamantha. Wa m'tauni. Anaona ndatsamira pang'ono, basi wayamba kukuwa, kuitana matakisi. Mumukhululukire.”

Mayiyo analemba nthawi yaitali. M'chipindamo munkazizira koma shati yanga inamatirira kumsana. Ndinkamva wotchi ya pakhoma. Ndinkaona msasa wa Wanir uli mbee, wopanda munthu. Sitima ya ku Maré ikubwerera ndi mtsikana. Amayi atakhala pamkeka, osalira, akungondiyang'ana.

“Bambo,” anatero mayi Perrochon, “ndikuwerengereni zomwe ndalemba, musanasaine. Ululu unalipo ulendo usanayambe. Unali wochepa. Wodwala akuti akanatha kubwerera.” Anavula magalasi. Nkhope yake inali yachisoni ndithu. “Zikakhala chonchi, sindingavomereze kuti zinali zadzidzidzi. Pepani.”

Malume sanamvetse. Ankadikirabe kuti awakweze. Anatambasula dzanja kuti alandire cholembera.

Ndinaimirira.

Kwathu mwana saimirira malume atakhala. Salankhula malume asanamalize.

“Mayi, si momwemo.”

“Iosia,” anatero malume m'chilankhulo chakwathu, motsitsa. “Khala pansi.”

Sindinawayang'ane. Ndikanawayang'ana ndikanakhala.

“Anagwa, mayi. Sanatsamire. Anagwa chafufumimba m'sitolo, anthu akuona. Anasanza pansalu za eni. Anadziipitsira m'thalauza. Mwini sitolo anathira madzi pansi ife tisanatuluke n'komwe.”

“Iosia!”

“Sankatha kuima. Tinawanyamula atatu, ine ndi anyamata awiri osawadziwa. M'takisi ankalira. Misozi yeniyeni. Ankaitana amayi awo, omwe anamwalira ine ndisanabadwe. Ankati, amayi, ndinyamuleni, ndikufa. M'mawa wa tsiku lomwelo anadya buledi ndi mazira, anayenda tauni yonse wapansi, akundinyoza kuti ndine waulesi. Sanali kudwala. Zinabwera ngati mphezi.”

Ndinaika dzanja langa padesiki, pafupi ndi nsalu ija. Chipsera chinali chisanathe. Mizere iwiri yokhota, pansi pa chala chachikulu. Pamzere wapamwamba panali mpata, pomwe malume alibe dzino.

“Ululu wa ziwiri suchita izi, mayi.”

Mayi Perrochon anavalanso magalasi. Anagwira dzanja langa, nalitembenuza. Anayang'ana chipseracho, kenaka pakamwa pa malume. Malume anatseka milomo.

“Bambo,” anatero pang'onopang'ono, “ine ndimalemba zomwe wodwala wanena. Osati za womuperekeza. Zimene wanenazi n'zoona?”

Ndinayang'ana malume.

Akanatha kukana. Liwu limodzi lokha, ndipo ulemu wawo ukanabwerera, ine n'kusanduka mwana wabodza wa m'tauni. Ankayang'ana khoma. Sindinawaonepo okalamba choncho, ngakhale pabedi la ku Vila.

“Manowo ndi anga,” anatero.

Mayiyo anafufuta zomwe analemba. Anafunsanso mafunso aja, limodzi limodzi. Malume ankangoti inde, ayi, inde. Anawapempha akweze shati aone bala la opaleshoni. Anakweza, nkhope atalozetsa kumbali. Anasaina.

Panja sanandidikire. Anakwera basi, ine ndinakwera pambuyo pawo. Anakhala kutsogolo. Nditatsika pamalo pawo kuti ndiwaperekeze, anangokweza dzanja osacheuka. Ndinaima pomwepo. Patapita masiku awiri ndinamva kuti akwera sitima ya ku Lifou okha.

Yankho linabwera sabata yotsatira. Anavomera. Koma anabweza potengera mitengo ya kuno, osati ya chipatala chija. Zambiri zinabwera, zina zinatsalira. Ndinagulitsa njinga yanga yamoto kwa mnyamata wa ku Montravel, yemwe anaona kuti ndili pachangu n'kundidyera pomwepo. Ndinatumiza zonse kwa amayi tsiku lomwelo.

“Banki yako yadzuka?” anatero amayi.

“Yadzuka.”

“Nanga malume ako wawatani? Chibwerere sakutuluka m'nyumba. Akuti pakhosi pawauma. Akuti mwina pa ukwati alankhule wina.”

Mantha aja anabwereranso onse. Wina ndani? Akuchikazi akadzafika n'kupeza malume ake a mkwati ali moyo, ali m'mudzi momwemo, koma sakulankhula, adzafunsa. Adzati banja ili lili ndi chilonda chobisa. Ndalama zinalipo tsopano, ng'ombe inalipo. Pakamwa panalibe.

Ndinakwera sitima. Nyanja inali yoipa, ndinasanza njira yonse.

Ndinafika masana. Mudzi unali piringupiringu. Azimayi akusenda zilazi, anyamata akukoka zikuni, wailesi ikulira. Wanir anandikumbatira, akununkha utsi. Sindinakhalitse naye. Ndinagula nsalu kusitolo ya ku Wé, yodula kawiri kuposa ya ku Vila. Ndinaikapo ndalama yomaliza ya m'thumba mwanga.

Khomo la nyumba yaudzu ya malume ndi lalifupi. Aliyense amalowa chowerama. Ine ndinalowa chokwawa. Anali atakhala pamkeka, atatsamira mzati wapakati. Sanandiyang'ane.

Ndinaika nsaluyo patsogolo pawo. Mawu a pamwambo sindiwadziwa bwino. Ndinawatola apa ndi apo, ngati munthu wotola makobidi pamsewu.

“Malume, ndadzichepetsa. Ndinaimirira inu mutakhala. Ndinalankhula inu musanamalize. Ndinakuvulani pamaso pa mlendo. Mpweya ndili nawowu ndi wanu. Ndabwera ndi kanthu kakang'ono.”

Nsalu inakhala pomwepo. Sanaikhudze. Panja wina ankaseka, nkhumba inkalira. Mawondo anayamba kuwawa. Ndinkayang'ana dzanja lawo, lili pabondo, losasuntha. Akapanda kuikhudza, ndiye kuti zatha. Za ine, za Wanir, zonse.

“Wauza amako?”

“Ayi.”

“Wanir?”

“Palibe amene ndamuuza.”

“Mzungu uja yekha.”

“Yekha.”

Anapumira m'mwamba. Anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali, ngati akuiwerenga ulusi.

“Wagula kuti chiguduli chimenechi?”

“Ku Wé.”

“Akubera. Ndinanena ine, makatani a kuhotela.”

Dzanja linachoka pabondo. Linatsika pang'onopang'ono. Linagwa pansalupo, n'kukhala.

Ndinadzutsa mutu.

“Koma unanama pang'ono kwa mayi uja,” anatero malume. “Unasiya zina.”

“Ziti, malume?”

“M'takisi muja. Wolira kwambiri anali ndani? Woyendetsa mpaka anafunsa kuti wodwala ndi uti.”

Anatambasula mkono kuti ndiwadzutse. Ndinawapatsa dzanja lachipsera lija. Analigwira pomwepo, mwadala, n'kufinya.

“Kanditengere shati yoyera. Ndipo uwauze amako andiphikire tiyi wa mandimu. Pakhosi pakufunika kukonza, a ku Maré amalankhula nthawi yaitali.”